CAMWAMBA: MTENGO WA NDIWO, MAFUTA NDI MADZI OYERA

M'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala, pamene dzuwa lawamba dziko lonse, funso limene livutitsa nchembere m'mudzi ndi lakuti, "Kodi lero ana adyera ciani nsima?" Nkhwani wa m'munda anatha kale, bonongwe ndi cisoso zinauma, mfutso wa m'cikwatu watsala pang'ono, ndipo si banja liri lonse limene liri ndi dimba pafupi ndi madzi. Nsima ya ndiwo zoperewera imadzaza mimba, koma thupi la mwana silikula nayo bwino. M'caka ca 2018 boma la Zambia linapima ana m'zigawo zonse za dziko, ndipo linapeza kuti mwa ana 100 ali onse osakwana zaka 5, ana 35 anali opinimbira, ndiko kuti msinkhu wao unali wotsalira pa zaka zao.

Vuto lotere limakula mvula ikakanika. Pa 29 Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti dziko lagwa m'tsoka la cilala, popeza cimanga ca pa mahekitala pafupi-fupi 1 miliyoni cinapserera m'minda. Zaka zotere zimaphunzitsa mlimi kuti asadalire mbeu za mizu yosaya zokha. Tsono phunziro lino lifotokoza za mtengo wina wa muzu wozama, umene masamba ake ndi ndiwo, njere zake zimayeretsa madzi, ndipo ukhoza kumera kuseri kwa nyumba iri yonse. Mtengowo ndi camwamba.

1. MAINA AKE NDI KWAO

Anyanja ndi Acewa amauchula camwamba, ndipo dzinalo lidzimasulira lokha: ndiwo zina zamasamba munthu amathyola atawerama, koma izi amathyola atakweza manja. Ena amati kangaluni. Asena amati sangowa, Atonga a m'cigwa ca Zambezi amati zakalanda, ndipo Aswahili amati mlonge. M'masitolo a m'tauni ndi pa wailesi dzina lomveka ndi moringa, locokera ku liu lakuti murungai la m'cinenero ca Tamil ca kummwera kwa India. Katswiri wa zomera wa ku France, Jean-Baptiste Lamarck, anaupatsa dzina la Cilatini lakuti Moringa oleifera m'caka ca 1785. Liu laciwirilo litanthauza "wobala mafuta".

Kwao kweni-kweni kwa mtengowu ndi kumpoto kwa India, m'munsi mwa mapiri a Himalaya. Kucokera kumeneko unafalikira ndi anthu apaulendo kufikira unadzaza maiko onse otentha, ndipo m'cigwa ca Zambezi ndi ca Shire wakhala ukubzalidwa m'midzi kwa mibadwo yambiri.

Banja la mtengowu liri ndi mitundu 13, ndipo yambiri mwa iyo kwao ndi m'Africa. Kummwera kwa Ethiopia anthu a mtundu wa Konso amabzala Moringa stenopetala m'minda yao ya m'mapiri, nadya masamba ake monga ndiwo ya masiku onse. Ku Namibia ndi ku Angola kuli Moringa ovalifolia, wa thunthu lonenepa ngati kamlambe kakang'ono. M'mbali mwa Nyanja Yofiira muli Moringa peregrina, umene mafuta ake anadziwika kwa Aigupto akale.

Ambiri poona zipatso zake zazitali amayesa kuti camwamba ndi mbale wake wa nyemba ndi nandolo. Si tero ai. Abale ake ndiwo mpapaya, mpiru, repu ndi kabici. N'cifukwa cake tsamba laliwisi la camwamba limawawa pa lilime monga mpiru, ndipo muzu wake ukapalidwa fungo lake limalasa m'mphuno. Mlimi adziwe cibale cimeneci, pakuti mizu ya camwamba siionjezera conde m'nthaka monga icitira mizu ya nandolo kapena ya msangu. Cimene cimabwezera conde ndi masamba ake okha akagwa ndi kuwola.

2. MAONEKEDWE AKE

Muzu. Njere ikamera, coyamba kukula ndi muzu umodzi wolunjika pansi, woyera ndi wotupa ngati cinangwa cacing'ono. Mu muzu umenewu mtengo umasunga madzi ndi cakudya, ndipo ndi umene umaupulumutsa pa cilala. Mbuzi zikadya kamtengo konse, kapena moto ukakawaula, kawiri-kawiri muzu umaphukanso mvula ikagwa. Anthu a ku Senegal amauchula nebedaye, dzina lobwerekera ku mau a Cingelezi otanthauza kuti sufa konse.

Thunthu. Camwamba cimakula msanga kopambana. Pa nthaka yabwino cikhoza kufika mamita 3 kapena 4 caka coyamba cisanathe, ndipo cikalekeredwa cimafika mamita 10 kapena 12. Koma cokula msanga sicilimba: mtengo wake ndi wofewa, wamadzi-madzi, wosacedwa kuthyoka ndi mphepo. Khungwa lake ndi lotuwa, ndipo likatemedwa limadontha utomoni woyera umene umasanduka wofiirira. Nthambi zake ndi zowerama ndi zotalikirana, motero mthunzi wake ndi wopepuka, ndipo mbeu zina zikhoza kukula pansi pake.

Masamba. Cimene ambiri amaciyesa kanthambi ndi tsamba limodzi lokha. Phesi lake ndi lotalika masentimita 30 kufikira 60. Phesilo limagawika m'mapesi aang'ono awiri-awiri openyana, amenenso amagawikanso, ndipo kunsonga kwao kuli timasamba tobulungira ngati dzira, ta sentimita 1 kapena 2. Timasamba timeneti ndito timadyedwa. Mapesi ndi olimba, ndipo sapsa mu mphika.

Maluwa. Mtengo wobzalidwa pa malo otentha umayamba kucita maluwa patapita miyezi 6 kapena 8. Maluwawo amalendewera m'magulu, ndi oyera monkera ku cikasu, ndipo amanunkhira ngati uci. Duwa liri lonse liri ndi masamba 5 osalingana kukula, ndipo pakati pake pali tizingwe 10, koma 5 tokha ndito tiri ndi mungu, ufa wacikasu wobereketsa. Njuci ndi tizilombo tina pofuna timadzi totsekemera timanyamula mungu kucoka pa duwa lina kunka pa lina, ndipo ndi mmene cipatso cimayambira.

Zipatso ndi njere. Cipatso ndi khoko lalitali la mbali zitatu, la masentimita 20 kufikira 45, mwina kuposa. Likali lanthete ndi lobiriwira ndi lofewa ngati citheba. Likakhwima limauma, nkusanduka lofiirira, ndipo limang'ambika patatu. M'kati muli njere zondondozana, kawiri-kawiri 15 kapena 20. Njere iri yonse ndi yoderako, yaikulu ngati nsawawa, ndipo iri ndi timapiko titatu topyapyala ngati pepala. Ikasendedwa, m'kati mumatuluka kamtima koyera, kamene kali ndi mafuta ndi mphamvu yoyeretsa madzi.

3. MALO AMENE UMAKONDA

Camwamba ndi mtengo wa dzuwa. Cimakondwa m'zigwa zotentha monga za Luangwa ndi Zambezi, ku Gwembe, ku Siavonga, ndiponso ku Chikwawa ndi ku Nsanje m'dziko la Malawi. Ku mitunda yokwera monga ya Chipata, Katete ndi Lundazi cimamera ndithu, koma cimakula pang'ono-pang'ono m'miyezi yozizira. Adani ake aakulu ndi awiri: cisanu coundana ndi madzi odikha. M'madambo mmene cisanu cimawaula masamba a nthoci m'mwezi wa Juni ndi Julaye, camwamba cimafa nthambi. Pa dothi la makande losunga madzi muzu wake wotupa uja umawola. Nthaka yoyenera ndi ya mcenga wosakanizika ndi dothi, yolowa madzi msanga, pa malo okwererako.

Mtengo wokhazikika ukhoza kupirira ngakhale kumene mvula ya pa caka siipitirira mamilimita 300. Komabe kupirira si kubala. Mtengo wosalandira madzi konse umayoyola masamba m'nyengo yacisanu, nudikira kutentha ndi cinyezi kuti uphukenso. Amene afuna ndiwo m'mwezi wa Okutobala abzale mitengo ingapo pafupi ndi thandala la mbale kapena kuseri kwa bafa, kumene madzi otayidwa amayenderera tsiku ndi tsiku. Madzi ocepa otero akwanira kuti mtengo ukhale wobiriwira caka conse.

4. KUBZALA NDI KUSAMALA

Njira ziripo ziwiri. Yoyamba ndi ya njere. Mlimi akumbe dzenje la masentimita 40 m'mbali zonse ndi kuya komwe, asakanize dothi lapamwamba ndi manyowa owolerana, nabwezere m'dzenjemo. Mvula ikakhazikika abzale njere 2 kapena 3 pa phando limodzi, kuya kwake masentimita 2 okha, pakuti njere yokwiriridwa kwambiri imawolera pansi. Zimamera pakati pa masiku 7 ndi 14. Zikafika cikhato cimodzi, asiye mmera wamphamvu, nazule yotsalayo. Njere zikhale za caka comweco, cifukwa zogonera nthawi yaitali zambiri sizimera. Kubzaliratu pa malo ake kuposa kuwokera, popeza muzu wanthete uja sucedwa kuthyoka pozula.

Njira yaciwiri ndi ya nthambi. Adule nthambi yokhwima yotalika mita 1 kapena kuposerapo pang'ono, yonenepa ngati mpini wa khasu, naizike pansi gawo limodzi mwa magawo atatu. Nthambi imaphuka msanga ndipo imabala mofanana ndi mtengo umene inacokerako; koma siicita muzu wozama uja, cotero imagwa msanga ndi mphepo, imavutika pa cilala, ndipo ciswe cimaikonda. Mitengo ya pakhomo italikirane mamita 3. Ya mpanda ikhoza kuyandikana mita 1.

Akulu anati, "Kuongola mtengo mpoyamba." Kamtengo kakafika m'ciuno mwa munthu, mlimi atsine nsonga yake kuti kacite nthambi zambiri za m'mbali, ndipo nthambizo zikatalika azitsinenso. Mtengo wosatsinidwa umathamangira kumwamba ngati nsungwi, masamba ake nkukhala kumene dzanja silifika, ndipo ana amathyoka miyendo pokwera nthambi zake zosalimba. Mtengo wotalika kale udulidwe pa msinkhu wa mita 1 kapena 1 ndi theka. Citsa cake cidzaphuka nthambi zambiri zanthete.

Mbuzi, ng'ombe ndi nkhumba zimakonda camwamba koposa, ndipo nkhuku zimajompha mmera. Wobzala osachinga wabzalira mbuzi. Kamtengo kali konse kazingidwe ndi minga kapena timitengo kufikira katatalika.

5. MASAMBA MONGA CAKUDYA

Apa ndipo pagona phindu lalikulu la mtengowu. Mwa magalamu 100 a masamba awisi muli magalamu 6 kufikira 9 a mapuloteni, ndizo zakudya zomanga thupi, pamene kabici wolemera cimodzi-modzi safika magalamu 2. Masamba akauma, gawo limodzi mwa magawo anai a kulemera kwao ndi mapuloteni, monga momwe ziliri ndi nyemba zouma ndi nshawa. Mulinso kashiamu wolimbitsa mafupa ndi mano, ayironi wothandiza kupanga magazi, vitamini C, ndi zinthu zimene thupi limasandutsa vitamini A.

Vitamini A ayenera kuchulidwa mwapadera. Mwana wosowa vitamini ameneyu amayamba kusaona bwino kukada, maso ake amauma, ndipo cikuku kapena kutsegula m'mimba zikamgwira zimamgwetsa kolimba. Kusowa kwake kunali kofala m'Zambia kotero kuti m'caka ca 1998 boma linalamula kuti shuga wogulitsidwa m'dziko muno aziikidwa vitamini A. Koma shuga afuna ndalama, pamene masamba obiriwira a pakhomo ndi aulere. Cofunika kudziwa ndi ici: thupi silitha kutenga bwino vitamini A wa m'masamba popanda mafuta. Motero mai wotendera camwamba ndi nsinjiro, kapena wothirako supuni ya mafuta ophikira, wacita mwanzeru koposa wophika ndi madzi ndi mcere zokha. Anthu a ku Niger nawonso amadya masambawa osakaniza ndi nshawa zosinja, cakudya cimene amacicha kopto.

Kaphikidwe kake nkosavuta. Mai athyole masamba anthete m'mawa, awapulule kucotsa mapesi, awatsuke, nawaike m'madzi ocepa owira kale pamodzi ndi matimati ndi anyezi. Mphindi 5 kufikira 10 zikwanira. Kuphika nthawi yaitali, kutaya madzi ophikira, ndi kuthira cidulo kapena soda, zonsezi zimaononga mavitamini. Amene sanazolowere kuwawira kwake ayambe ndi kusakaniza camwamba ndi nkhwani, kholowa, nyemba kapena kapenta. Maluwa akhoza kukazingidwa ndi mazira. Makoko anthete, amene amathyoka mosavuta powapinda, amadulidwa ndi kuphikidwa ngati zitheba. Ku India makoko ndiwo amakondedwa koposa masamba, ndipo m'caka ca 1989 sukulu ya zaulimi ya Tamil Nadu Agricultural University inatulutsa mtundu wochedwa PKM-1, wobala makoko ambiri m'caka coyamba. Ku Philippines mtengowu amaucha malunggay, ndipo mai woyamwitsa amamphikira masamba ake mu msuzi wa nkhuku.

M'caka ca 1997 bungwe la mipingo lochedwa Church World Service, motsogozedwa ndi Lowell Fuglie, linayamba kuphunzitsa anamwino ndi azamba a m'cigawo ca Casamance ku Senegal kuthira ufa wa masamba a camwamba m'zakudya za ana onyenchera ndi za amai oyamwitsa. Nchito imeneyo ndiyo inabukitsa mbiri ya mtengowu m'maiko ambiri a m'Africa.

Mwambi uja wakuti "M'mera mpoyamba" unena za mwana yemwe. Kupinimbira kumayamba m'masiku 1,000 oyamba, kucokera pamene mai waima kufikira mwana atakwanitsa zaka 2, ndipo zimene zatayika m'masiku amenewo nzovuta kubweza. Khanda losakwana miyezi 6 liyamwe bere lokha, osalipatsa kanthu kena kali konse. Likapitirira miyezi 6, mai ayambe kuthira kasupuni kakang'ono ka ufa wa camwamba m'phala la mgaiwa lothira nsinjiro, phala litatsala pang'ono kuphulidwa, ndipo aonjezere pang'ono-pang'ono mwana akamakula. Ufa woculuka pa ciyambi umatsegula m'mimba.

6. KUFUTSA NDI KUSUNGA

Masamba amaculuka m'dzinja, pamene ndiwo zina zirinso mbwee. Nzeru tsono ndi kufutsa. Masamba otsukidwa ndi opululidwa ayanikidwe mopyapyala pa mphasa yoyera kapena pa malicero, m'nyumba yopita mphepo kapena pa khonde la mthunzi, kutali ndi nkhuku, fumbi ndi nchenche. Asayanikidwe pa dzuwa, cifukwa dzuwa limawatuwitsa ndi kuononga vitamini A. Azitembenuzidwa tsiku ndi tsiku kuti asacite nkhungu. Pakapita masiku 3 kapena 4, kapena oposerapo kukakhala cinyezi, amauma mpaka kufumbutuka powafinya m'manja. Pamenepo asinjidwe mu mtondo wouma, asefedwe, ndi kusungidwa m'botolo kapena m'citini cotseka bwino, pa malo amdima.

Popeza magawo atatu mwa anai a tsamba laliwisi ndi madzi, makilogalamu 4 kapena 5 a masamba opulula amatulutsa kilogalamu 1 ya ufa. Ufa wabwino ndi wobiriwira kwambiri. Wotuwa, wofiirira kapena wonunkha cinyezi utayidwe. Ufa usagonere kupitirira miyezi 6. Vitamini C wambiri amatha poyanika, cotero banja lisaleke kudya zipatso ndi masamba awisi pamene zipezeka.

7. NJERE ZOYERETSA MADZI

M'dzinja madzi a m'mitsinje ndi m'zitsime zosaya amafiira ndi dothi, ndipo ngakhale agone usiku wonse mu mtsuko sayera. Cifukwa cake ndi cakuti tizidutswa ta dothi tating'ono kwambiri tiri ndi mphamvu ya magetsi ya mtundu umodzi. Motero timakankhana, sitigwirana, ndipo pokhala topepuka sitimira. Mu kamtima ka njere ya camwamba muli mapuloteni osungunuka m'madzi, okhala ndi mphamvu ya mtundu wosiyana. Iwo amakoka tizidutswa tija ngati ulimbo, nkutimanga m'timibulu tolemera timene timatsikira pansi, titatenganso tizilombo tambiri ta matenda.

Nzeru imeneyi si ya m'sukulu. Amai a m'midzi ya m'mbali mwa mtsinje wa Nile ku Sudan ndiwo anali kuyeretsa madzi ndi njerezi, ndipo katswiri wina wamkazi, Samia Al Azharia Jahn, anaphunzira kwa iwo, nayesa njirayo, naifalitsa m'zolemba zake za m'ma 1980. Pofika caka ca 1994 akatswiri a University of Leicester ya ku England, pamodzi ndi anzao a ku Malawi, anali atayesa ufa wa njerezi pa malo oyeretsera madzi a m'tauni ya Thyolo, ndipo anapeza kuti unayeretsa madzi a mtsinje mofanana ndi mankhwala ogula kunja.

Pa ndowa ya malita 20 macitidwe ake ndi awa. Munthu atenge njere zokhwima ndi zouma 10, kapena 20 ngati madzi ali amatope kwambiri. Azisende, nasinje timitima toyera kufikira tikhale ufa wosalala. Athire ufawo m'botolo loyera muli kapu imodzi ya madzi oyera, nakhuchumule mphindi 5. Asefere madzi oyera ngati mkakawo m'ndowa ndi kansalu koyera. Atakase mofulumira ndi mthiko mphindi 2, kenaka pang'ono-pang'ono mphindi 10, ndipo aleke ndowa osaigwedeza kwa ora limodzi kapena awiri. Matope akakhazikika pansi, atsanulire madzi a pamwamba mu mtsuko woyera, nataye zotsalira kutali.

Pano pali cenjezo lalikulu. Madzi oyera m'maso si madzi opanda matenda. Njere zimacotsa tizilombo tambiri, koma osati tonse, ndipo totsalato tikwanira kudwalitsa munthu. Kolera amene anabuka m'Zambia mu Okutobala 2023 anapha anthu oposa 700 m'miyezi yotsatira. Cotero madzi oyeretsedwa ndi camwamba awiritsidwe kapena athiridwe klorini asanamwedwe. Ndipo klorini amagwira bwino nchito m'madzi oyera koposa m'madzi amatope. Madziwo amwedwe tsiku lomwelo, pakuti timadzi ta njere totsalamo timadyetsa tizilombo madzi akagonera.

8. MAFUTA, ZIWETO NDI MPANDA

Mwa magalamu 100 a timitima ta njere muli magalamu 35 kufikira 40 a mafuta. Mafutawo ndi oyera monkera ku cikasu, alibe fungo lamphamvu, ndipo sacedwa kugwira fungo la maluwa koma amacedwa kusasa. Cifukwa ca ici opanga mafuta onunkhira akhala akuwafuna kuyambira kale, ndipo okonza mawoci ku Ulaya anali kudzozera tizitsulo ta m'kati. Amayenera kuphikira, kudzola ndi kupangira sopo. Pamudzi njere zosenda zikhoza kukazingidwa pang'ono, kusinjidwa ndi kuwiritsidwa m'madzi, mafuta nkuyandama pamwamba. Koma makina ofinyira mpendadzuwa amatulutsa oculuka. Zotsalira za njere zofinyidwa ndi makina zimakhalabe ndi mphamvu yoyeretsa madzi, ndiponso ndi manyowa abwino.

Masamba ndi nthambi zanthete ndi cakudya cabwino ca mbuzi, ng'ombe za mkaka, akalulu ndi nkhuku, makamaka m'cilimwe pamene msipu wauma. Ziweto zizolowezedwe pang'ono-pang'ono, posakaniza ndi zakudya zina. Nthambi zozikidwa mondondozana zimasanduka mpanda wamoyo wa dimba kapena wa bafa, ndipo maluwa amadyetsa njuci. Koma mtengo wake suyenera kumangira nyumba, nkhuni zake zimanyeka msanga popanda makala, ndipo wofuna milimo kapena mipini ayang'ane kwina.

9. ZOYENERA KUCENJERA NAZO

Mizu ndi khungwa la mizu ziri ndi ululu, ndipo siziyenera kudyedwa kapena kumwedwa. Mai woyembekezera apewe mizu ndi makungwa a mtengowu kotheratu, cifukwa zikhoza kucititsa kuti apite padera. Masamba ophika monga ndiwo ndiwo cakudya. Njere zisatafunidwe zambiri, pakuti zimatsegula m'mimba.

Cinanso, mbiri ya camwamba yakopa amalonda, ndipo ena amagulitsa ufa wake pa mtengo wokwera ndi kulonjeza kuti umaciritsa nthenda iri yonse. Poonetsa kuti camwamba ciposa mkaka kapena zipatso, iwo amayerekeza ufa wouma ndi zakudya zodzala madzi, osanena kuti munthu amamwa kapu yathunthu ya mkaka koma ufa amadya supuni imodzi kapena ziwiri zokha. Camwamba ndi ndiwo yabwino kwambiri, koma siciciritsa Edzi, khansa, cifuwa cacikulu kapena malungo. Munthu wakumwa ma ARV, kapena mankhwala a shuga ndi a kuthamanga kwa magazi, asaleke mankhwala ake ndi tsiku limodzi lomwe, ndipo ngati afuna kumadya ufa wambiri masiku onse ayambe wauza a kucipatala. Mwana wotupa mapazi, wofiira tsitsi kapena wokana kudya atengedwe ku cipatala msanga. Ufa wa camwamba udzamthandiza pambuyo pake, akabwerera kunyumba. Ndiponso camwamba sicilowa m'malo mwa nsima, nyemba, nsomba ndi mazira. Cimangokwaniritsa pamene izo zaperewera.

10. NCHITO ZA PA CAKA

Seputembala ndi Okutobala: kukumba maenje, kututa manyowa, kusonkhanitsa minga yochingira, kudulira mitengo yotalika, ndi kuthirira ya pakhomo.

Novembala ndi Disembala: kubzala njere ndi kuzika nthambi mvula ikakhazikika, kupatulira mmera.

Januwale kufikira Malici: kupalira, kutsina nsonga, kudya masamba awisi, ndi kuyeretsa madzi amatope ndi njere zosungidwa.

Epulo ndi Meyi: kuthyola masamba ambiri ndi kufutsa, mitengo isanayambe kuyoyola.

Juni kufikira Ogasiti: kuphimbira tsinde la timitengo ndi udzu, kuchinjiriza ku moto wa m'chire, ndi kuthyola makoko ouma asanang'ambike. Njere zisungidwe zosasenda, pa malo ouma, zina za mbeu ndi zina za madzi a m'dzinja.

Mitengo 4 kapena 5 yosamalidwa bwino ikwanira kupatsa banja ndiwo kawiri kapena katatu pa sabata, ndipo khoko limodzi louma likwanira kuyambitsa mitengo ya mabanja angapo. Amene ali nao kale mtengowu agawire anansi ake njere mvula isanagwe.

MAFUNSO

1. Kodi camwamba cinacokera ku dziko liti, ndipo abale ake ndi zomera ziti?
2. Muzu wa mtengo wa njere usiyana bwanji ndi wa mtengo wa nthambi?
3. Cifukwa ninji masamba ayenera kuyanikidwa pa mthunzi?
4. Nsinjiro kapena mafuta zithandiza ciani m'ndiwo za camwamba?
5. Njere zingati zifunika pa ndowa ya malita 20, ndipo madziwo ayenera kucitidwanso ciani asanamwedwe?
6. Ndi mbali ziti za mtengowu zimene mai woyembekezera ayenera kupewa?